Khosi Lobwereka

Kunyumba kwa bambo Pulotu, mkulu wa mpingo wa ife Asamoa m'tauni ya Mangere, kutsidya kwa nyanja, ngakhale nthochi yophika sinkalowa m'kamwa anthu asanapemphere. Mwana wawo Talalelei, amene tinkangomuti Tala, ankayimba kwaya, chimnyamata cha mapewa ngati chitseko cha tchalitchi.

Ine ndinali woyimbira masewero ogwetsana muholo ya kwathuko. Sukulu ndinaithawa kalekale, koma kuwerenga mpaka katatu wina akapanikizidwa pansi chagada ndimatha, ndipo ntchito yake ndi yomweyo.

Tsiku limene Tala anayamba zogwetsanazi, mphunzitsi wake, a Uelese, katswiri wa imvi, anamuuza, bambo ake ali pomwepo:

"Kuno wopambana timagwirizana tisanakwere m'bwalo. Ukandinyamula, ndiye kuti ndakubwereka khosi langa. Uzindibwezera lili bwinobwino."

"Wamva iwe?" anatero bambo Pulotu. "Mphamvuzo ndi za Mulungu, si zako."

Posakhalitsa dzina la Tala linamveka. Ana ankamuthamangira, atsikana ankakuwa. Kwaya anaisiya, n'kuyamba kumwa ndi msuweni wake Kolio, lova wa pakamwa potsekemera.

"Aise, akuti Loweruka ugonjanso kwa a Uelese, nkhalamba ija?" anafunsa Kolio. "Atsikana onse a ku Otara ali kutsogolo, iwe uli chagada ngati mphemvu!"

"Ndi mwambo. Watsopano amayamba wagonja."

"Mwambo wa mbuzi! Ukainyamula, igwetse zenizeni. Kawoyimbira kako kaja kawerenga basi, nanga kamadziwanso china?"

Kawoyimbirako ndinali ine.

Loweruka mayi ake a Tala anamutsekereza pakhomo. "Ukununkha mowa, Tala. Ukanyamula mwana wa munthu uli chonchi?"

"Ndisiyeni mayi! Si inu amene mumasekedwa."

Masana holo inadzaza. Atagwetsana mokwanira, ndinamunong'oneza Tala: "Nthawi yakwana, gona."

"Chokani apa mdala inu!"

Ananyamula a Uelese chadodolido. Iwo anadzipereka, poti amamukhulupirira. Wodziwa ntchito amapana mutu wa mnzake pakati pa ntchafu kuti usagunde pansi, amagunda pansi ndi maondo ake. Tala anautaya dala. Kunamveka kuti pho, ngati kokonati wagwera pamwala. Kenaka anawagonera pachifuwa.

"Werengani!" anandikuwira.

"Masamu ndaiwala, galu iwe!" ndinamukankha, n'kuitana achipatala.

A Uelese sanayendenso.

Ana awo ankalankhula zobwezera ndi zikwanje. Choncho m'mawa wina bambo Pulotu anatenga mkeka wamtengo wapatali wa makolo awo, n'kukagwada pakapinga kutsogolo kwa nyumba ya a Uelese, atadzifunditsa mkekawo kumutu monga timachitira ife Asamoa popepesa mlandu wa magazi. Tala anagwada kumbuyo kwawo. Mvula inawavumba, dzuwa linawawamba. Anthu amene ankawapatsa mpando wakutsogolo kutchalitchi ankasuzumira pampanda.

"Asiyeni aolere pomwepo!" anakuwa mwana wamkulu wa a Uelese.

Potsiriza mkazi wa a Uelese anatuluka akukankha amuna awo pa njinga ya olumala. Anavundukula mkeka uja.

"Dzukani bambo Pulotu. Takhululuka chifukwa cha Mulungu ndi imvi zanuzo."

A Uelese anayang'ana Tala. Mutu sunatembenuke, anatembenuka ndi maso okha.

"Iwe, ndinakubwereka khosi. Lili kuti?"

Tala anangolira.

Zikwanje zinabwerera kumunda, koma m'bwalo dzina la Tala linafa. Anapempha mwayi wogwetsana ku Sydney, anapempha ku Brisbane. Yankho linali limodzi: ndani apereke khosi lake kwa ameneyo? Kolio akamuona amawoloka msewu. Bambo Pulotu anatula pansi udindo wa mpingo. Lero Tala amagwira ntchito mosungira katundu pafupi ndi bwalo la ndege, poti makatoni okha ndi amene amalola kuti awanyamule.

Ana inu, kunyada ndi mowa zikakwera limodzi m'mutu, wovulala sukhala wekha. Mnzako akakukhulupirira ndi thupi lake, ulisamale kuposa dzina lako. Mkeka umaphimba mlandu, koma suyendetsa wopuwala.