Woperekeza a Makina

Tsiku limene makina osokera a mayi telala anakana kuzungulira, mushopu munalowa bambo wa imvi m'mbali mwa makutu, chikwama cha zida chili kukhwapa. Anthu onse ankangowatchula kuti a Makina. Ntchito ya mphindi khumi anaigwira maola awiri, manja pamakina, maso kwina.

"Makinawa akufunika kumawayendera sabata iliyonse," anatero akupukuta mafuta m'manja.

"Zaka khumi ndakhala nawo, sanadandaulepo kuti asowa alendo," anayankha mayiwo, osadzutsa mutu pansalu imene ankadula. Koma anamwetulira, ndipo a Makina anaona.

Anthu a zaka makumi asanu alibe nthawi yozungulirazungulira. Pasanathe mwezi, foni ya mayi telala inali ikulira m'mawa uliwonse. "Mwadzuka bwanji, duwa langa? Chifukwa cha inu ndingawoloke mtsinje wosefukira."

Nkhani ya ukwati itabwera, mayiwo anaika sizasi pansi.

"Amuna anga anamwalira ndi khansa ya m'matumbo. Chaka chathunthu ankaona magazi kuchimbudzi, osandiuza. Pamene tinkafika kuchipatala, madzi anali atafika kale m'khosi. Sindikufuna kuikanso mwamuna chifukwa cha manyazi. Mukayezetse kaye, za mphete tikambe pambuyo."

"Koma ine palibe pakundipweteka, mtima wanga."

"Nawonso poyamba panalibe."

A Makina anapitadi kukafunsa. Nesi anawafotokozera modekha kuti ndi kachubu kofewa, kokhala ndi kamera kunsonga, kamene amakalowetsa kotulukira chimbudzi kuti aone m'matumbo monse. Wowoloka mitsinje uja anayamba kuyang'ana kuchitseko. Iwo, gogo wa zidzukulu zitatu, kuwagoneka chammbali pamaso pa ana a dzulodzuloli? Anati abwera tsiku lina, natuluka mothamanga.

Lachisanu masana uthenga unafika. "Ndayezetsa m'mawa uno, wokondedwa. Akuti ndili bwinobwino ngati mnyamata."

Mayi telala anawerenga kawiri, misozi n'kugwera pa diresi la mwini wake. Iwo anayezetsapo chaka chatha, ndipo ankadziwa bwino kuti dzulo lake munthu sadya kanthu kolimba. Amangomwa zamadzimadzi ndi mankhwala otsuka m'mimba, n'kuswera pakhomo la chimbudzi.

Madzulo a Makina anatulukira atanyamula maluwa.

"Dzulo munadya mbale ziwiri za nyemba kunyumba kwanga, ine ndikuona," anatero mayiwo. "Kamerayo yakaona chiyani? Nyembazo?"

A Makina anatsitsa maluwa aja.

"Ndinachita mantha, duwa langa. Ndi manyazi."

"Mantha mukanandiuza, tikanaopera limodzi. Koma bodza ngati limeneli ndi lomwe linandisandutsa wamasiye. Tengani maluwa anuwo, muzipita."

Zinawawa. Mayiwo ankawakonda bambowa, ndipo ankasoka ndi maso otupa, msoko n'kumapita kumbali. Mauthenga ankabwerabe. "Ndikhululukireni." "Popanda inu chakudya sichikoma." Sanayankhe ngakhale umodzi. Mawu okoma anali atawamva okwanira.

Patapita masabata atatu kunabwera chithunzi cha fomu ya kuchipatala, pansi pake pali mawu ochepa. "Andipatsa Lachiwiri. Akuti akandibaya mankhwala ogonetsa sindingabwerere ndekha kunyumba. Pamzere wa woperekeza ndilibe dzina lina loti ndilembe."

Nthawi imeneyi anayankha. "Lolemba musadye. Ndikupezani pageti seveni koloko."

Anawapeza atatsamira khoma, opepuka ngati mtsamiro, maso atalowa.

"Mankhwala aja si masewera, mayi. Msewu wa kuchimbudzi ndaudziwa."

"Ndiye kuti mwamwadi," anatero mayiwo, n'kuwalandira chikwama.

Atawaveka mkanjo wa chipatala wotseguka kumbuyo, a Makina anagwira dzanja la mayiwo. Kenako chitseko chinatsekedwa. Mayi telala anakhala pabenchi. Nanga akatuluka ndi nkhani yomwe ija?

Ola lisanakwane dokotala anawaitana.

"Tapeza tizotupa tiwiri ndipo tachotsa pomwepo. Titumiza kukapima. Mwachita bwino kubwera nawo, mayi. Tizinthu totere tikatisiya zaka zingapo, nkhani imakhala ina."

A Makina anatsegula diso limodzi, lilime likulemera. "Atha kale? Sindinamve kanthu. Duwa langa, tikwatirane."

"Mudzabwereze mankhwala akachoka m'mutu."

Anabwerezadi. Patatha masabata awiri analowa mushopu muja masana, makasitomala atadzaza benchi, n'kugwada pakati pa tizidutswa ta nsalu. Dzanja lina linali ndi mphete, lina pepala la zotsatira.

Mayi telala anayamba ndi pepala. Anavala magalasi n'kuwerenga mzere uliwonse mpaka pachidindo cha chipatala. Khansa munalibe.

"Fulumirani, mayi, mawondowa si a mnyamata," anadandaula a Makina.

Shopu yonse inafa ndi kuseka. Mayiwo anatambasula chala, akuseka ndi kulira nthawi imodzi, kenako anatembenukira kwa anthu aja, pepala lili m'mwamba.

"Mwawaona awa? Awa ndiye ndikalamba nawo!"