Wigi ya Jaji Bentsil

Jaji Ato Bentsil adalakwira Kwesi Amoasi mu Malichi 1994, pamene adasaina kuti munthuyo afere m'ndende pa mlandu wakupha umene sadapalamule. Inspekita Dadzie sankadziwa zimenezi Lachiwiri lija, 10:40 m'mawa, pamene adalowa m'nyumba ya jaji wopumayo ku Cape Coast. Adamupeza pansi, mutu utaphwanyidwa ndi simbi, atavala mkanjo wake wofiira. Khoti lalikulu linkalemba buku la mbiri ya majaji ake akale, ndipo wojambula zithunzi ankayembekezeka masana.

Wosauka akaphedwa zimabwera ntchentche zokha. Apa foni ya Dadzie siinapume. "Gwirani munthu lero," adatero abwana ake.

"Anali ndi adani, mayi?" Dadzie adafunsa mkazi wamasiye.

"Zaka makumi atatu akuweruza? Pitani kundende mukawawerenge."

Masiku awiri adathera pa mkaidi wakale amene adaopsezapo jajiyo. Adakamupeza m'chipatala, mwendo uli m'chikhakha kuyambira Pasaka.

Lachisanu Dadzie adayang'ananso zithunzi za m'chipindamo, atatopa. Mipando inali itagwa, mapepala ali mbwee. Koma wigi ya jaji inali pa kamtengo kake, yopesedwa bwino, ngakhale m'kati mwake munali magazi.

"Ndani angaphe munthu n'kumupesera wigi?" Dadzie adakafunsa mkazi wamasiye uja.

"Ine sindiikhudza. Amaigwira ndi Kobina yekha, amene ankawaveka kukhoti zaka zonse zija."

Pa 2:15 masana Kobina Amoasi, nkhalamba ya jekete lakutha, adakhala m'chipinda chofunsira mafunso.

"Madala, wigi ija mudaitoleranji?"

"Wigi sigona pansi, mwana wanga. Kupolisiko sakuphunzitsani?"

"Koma jaji angagone pansi?"

Kobina adayamba kufotokoza. "Kwesi ndi mng'ono wanga. Apilo yake idamvedwa ndi majaji asanu. Awiri adati amasulidwe, awiri adakana. Bwana adalemba ndi dzanja lawo kuti Kwesi alibe mlandu. Pepalalo ndidalinyamula ndine. M'mawa mwake adawerenga lina. Wophedwayo anali m'bale wa nduna, ndipo bwana ankafuna mpando wa mkulu wa majaji. Sadaupezenso."

"Mudakhalabe pantchito?"

"Ankati, 'Dikira, Kobina, ndikapuma ndidzalitulutsa.' Atapuma ankati, 'Ndisanafe.' Ndawasitira mkanjo, ndawapukutira nsapato, ndikudikira pepala limodzi. Lachiwiri adandiitana kuti ndiwaveke. Ndidati, 'Bwana, olemba buku akubwera, apatseni pepala lija.' Adaseka. Adati adalitentha sabata yatha, lingawadetsere mbiri. Simbi inali m'manja mwanga."

Dadzie adalemba zonse, nkhalambayo idasaina. Kenako adatengera mawuwo kwa abwana ake.

"Nanga za Kwesi Amoasi?" adafunsa Dadzie.

"Umboni wako ndi phulusa ndi pakamwa pa chigawenga. Chotsa ndime imeneyo. Tili ndi maliro aboma Loweruka."

Bukulo lidatuluka mu Ogasiti. Pa tsamba 88 pali chithunzi chakale cha Jaji Bentsil atavala wigi yake, ndi mawu akuti sadakhotetsepo chilungamo. Kobina akudikira mlandu wake. Kwesi akadali m'ndende, chaka cha makumi atatu ndi chimodzi.