Mausi ya Uladi

Kamuvi ka pa sikirini kanathamanganso kuchoka kumanzere mpaka kumanja ngati kaona njoka. Swadick anali atangoigwedeza pang'ono chabe mausi ya kompyutayo. Atadina batani limodzi la m'mbali, pa tsamba panatuluka manambala opanda mutu. Atadina lina, tsamba lonse linatsekeka osatsanzika n'komwe.

Linali Lachisanu m'mawa, ndipo m'chipinda cha makompyuta cha pasukulu yawo, kwa Mponda, munali iye yekha. Lolemba kunali mayeso. Makompyuta pasukulupo anali ochepa, ofuna phunziroli ali gulu, choncho aphunzitsi awo, a Simioni, ananeneratu kuti wosamaliza ntchito nthawi isanathe akasankhe phunziro lina. Swadick sankadera nkhawa za iye mwini. Chomwe chinkamudya mtima chinali mnzake Uladi, mwini mausiyo.

Uladi anapsa dzanja lamanzere ali wamng'ono, nyali yophera usipa itamuphulikira, ndipo zala zinapindikira m'chikhatho. Mutu wake unali wakuthwa, koma pa kompyuta dzanja limodzilo linkachita kudumpha, uku pa mausi, uku pa kiyibodi, anzake n'kumusiya kutali. Amalume ake a ku Joni atamva, anamutumizira mausi ya anthu osewera magemu, yakuda, yowala nyali zofiira, ya mabatani ambirimbiri m'mbali. Batani lililonse likanatha kupatsidwa ntchito yake: ili kukopera mawu, ili kuwamata pena, ili kusunga. A Simioni anavomera kuti aigwiritse ntchito pa mayeso.

Vuto linali loti mausiyo inali yogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo inkatsatirabe zofuna za mwini wake woyamba. Pulogalamu yoisinthira inkayenda pa Windows pokha, pomwe makompyuta onse a pasukulupo anali a Linux, pulogalamu yaulere yomwe aliyense amaloledwa kuiona m'kati ndi kuikonza. Apa m'pamene Swadick anadziguguda pachifuwa. Iye ndiye anali mtsogoleri wa kalabu ya makompyuta, ndipo za Linux ankazilalikira ngati walipidwa. Anailanda mausiyo m'manja mwa Uladi anthu akuona, n'kunena kuti imeneyo ndi ntchito ya tsiku limodzi.

Sabata inali itatha tsopano. Anayesa pulogalamu ina yolembedwa ndi anthu ongodzipereka, yomwe imadziwa mausi za magemu zambiri, koma mtundu uwu inaukana. Anakopera malamulo ataliatali pa intaneti, ena osawamvetsa n'komwe, mpaka bando ya pa foni ya mlongo wake inatha. Uladi akamufunsa, iye ankangoti zatsala pang'ono, kwinaku maso ali kumbali. Kunena zoona, Swadick ankaopa kwambiri mawu oti ndalephera kuposa mayeso alionse.

M'mawa umenewo, pa tsamba lina lomwe anthu a Linux amathandizirana, anapeza yankho la munthu wina wakutali. Linali lalifupi. Mausi za mtundu umenewo zimasunga malangizo m'kati mwake momwe. Ukaisintha kamodzi kokha pa kompyuta ya Windows, imakumbukira, ndipo ukaibweretsa pa Linux imagwira bwinobwino.

Swadick anawerenga kawiri. Kompyuta ya Windows yomwe akanatha kuifikira inali imodzi yokha, ya mu shopu ya mayi ake a Esitere, yosindikiza ndi kufotokopa mapepala pafupi ndi mlatho. Esitere ankaphunzira naye kalasi imodzi. Mwezi wathawo mtsikanayu ananena mu kalabu kuti iye anazolowera Windows, ndipo Swadick anamuyankha kuti anthu a Windows ndi makanda odyetsedwa phala ndi supuni. Anyamata anaseka mpaka kumenya madesiki. Kuyambira tsiku limenelo Esitere sanapondenso mu kalabu.

Anaipinda nthambo ya mausiyo, n'kuiponya m'chikwama. Anadziuza kuti Loweruka ndi Lamulungu alipo, mwina njira ina ipezeka.

Masana, pa mpopi wa pa mzikiti, anakumana ndi Uladi akusamba kukonzekera swala. Ankatunga madzi ndi dzanja limodzi, mwachangu, mozolowera, osapempha thandizo kwa munthu. Uladi atamuona Swadick anamwetulira, n'kumuuza kuti bambo ake ankafuna kuti asiye zovutika ndi makina, azikathandiza kuyanika usipa ku Lungwena, koma iye wawatsimikizira kuti Lolemba akhoza.

"Ndawauza kuti mnzanga Swadick ndi katswiri," anatero Uladi akupukuta kumaso. "Mawa undipatse ndiyeserere, aise. Zala zizolowere."

Swadick anangogwedeza mutu. Mu mzikiti anaima pamzere ndi anzake, koma maganizo ake anali m'chikwama chomwe anasiya pakhomo pamodzi ndi nsapato. Swala itatha sanadikire munthu. Anadutsa pakati pa akabaza, dzuwa likuswa mtengo, mpaka anafika pa shopu ija.

Anapeza Esitere akufotokopa ziphaso za amayi ena. Mtsikanayo anamuona, koma anapitiriza ntchito yake ngati pakhomo paima mbuzi. Swadick anadikira. Amayi aja atatuluka, analonjera mayi ake a Esitere mwaulemu, kenako anatulutsa mausiyo n'kufotokoza zonse, mawu akutuluka mokakamira. Anamaliza ndi kupepesa za phala zija.

Esitere anaitembenuza mausiyo m'manja, n'kufunsa kuti batani liti ligwire ntchito yanji. Swadick anayamba kuloza, koma mtsikanayo anamudula.

"Ukuloza ndi chala chako. Chala cha Uladi chimafika pati? Unamufunsa?"

Swadick anali asanamufunsepo. Sabata yonseyo ankalimbana ndi mausi, mwini wake osamuganizira n'komwe.

"Kamutenge," anatero Esitere. "Sindikuchitira iwe ayi."

Ulendo wopita kwa Uladi unali wowawa kuposa woyamba uja. Anamupeza pakhonde akuwerenga, ndipo atamuuza kuti mausiyo sinagwirepo ntchito ngakhale tsiku limodzi, Uladi sanakalipe. Anangotseka buku, n'kuvala nsapato. Zimenezo zinamupweteka Swadick kuposa kutukwanidwa.

Ku shopu ntchito yake sinachedwe. Esitere anatsitsa pulogalamu ija, Uladi anagwira mausi, ndipo zinapezeka kuti chala chake chachikulu chinkafika bwino pa mabatani akutsogolo okha. Amenewo ndiwo anawapatsa ntchito zofunika. Kamuvi anakachepetsa liwiro mpaka Uladi anati basi. Koma sakanatha kuyeserera nthawi yaitali, chifukwa makasitomala anali atayamba kudandaula pamzere, ndipo chipinda cha kusukulu chinali chokhoma mpaka Lolemba. Uladi anapita nayo kunyumba, n'kumaidina pa tebulo yopanda kompyuta.

Lolemba, ataizika pa kompyuta ya kusukulu, mausiyo inagwira monga munthu wakutali uja ananenera. Swadick anapumira m'mwamba. Koma mayeso atayamba anaona kuti chala cha Uladi chinkasochera. Pofuna kumata mawu ankadina posunga, pofuna kusunga ankadina pobweza, ndime yonse n'kuzimiririka. Chakumapeto dzanjalo linayamba kuzolowera, ndipo linkathamanga mosangalatsa kuona. A Simioni atalamula kuti onse achotse manja, Uladi anali atatsala ndi ndime imodzi.

Aphunzitsi anayenda kompyuta ndi kompyuta. Ya Swadick inali bwino, ya Esitere chimodzimodzi. Atafika pa Uladi anaima nthawi yaitali, kenako anapukusa mutu, n'kunena mofatsa kuti lamulo ndi limodzi kwa onse. Uladi anazula mausi yake, n'kuyamba kukulunga nthambo pogwiritsa ntchito dzanja ndi chibwano.

Swadick anaimirira asanaganize bwino zoti anene. Pamaso pa anyamata omwe aja ankamuombera m'manja mu kalabu, ananena kuti mausiyo anaisunga iye sabata yonse, kuti inamukanika, kuti ankanama, ndiponso kuti amene anaikonza ndi Esitere. Uladi anangoigwira pa kompyuta kwa mphindi zochepa mayeso asanafike.

A Simioni anamuyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Ndamva, Swadick. Koma kompyuta ina ndiitenga kuti?"

"Azikhala pa yanga, sala. Tizisinthana."

Aphunzitsi anamukumbutsa kuti zikatero nthawi yake ya pa kompyuta idzakhala theka kwa zaka ziwiri, mpaka mayeso a boma, ndipo sadzalola kumva dandaulo. Swadick anayang'ana kompyuta yake, ya pakona, yothamanga kuposa zonse, yomwe ankailondera ngati munda wa mpunga. Zinamuwawa ndithu, ndipo sanathe kubisa.

"Ndavomera, sala."

A Simioni anatembenukira kwa Uladi n'kumufunsa ngati nayenso wavomera. Uladi anamuyang'ana mnzakeyo osamwetulira, ndipo Swadick anadziwa kuti nkhani ya pakati pawo sinathe lero. Kenako Uladi ananyamula mpando wake n'kuukokera ku kona kuja.

"Sendera," anatero.

Swadick anasendera mpaka phewa linagunda khoma. Anazula mausi yake yakale, n'kuiika m'chikwama, ndipo pa sikirini Uladi anayamba kulemba ndime yomwe inatsala ija.