Mkwatibwi Anayang'ana Kumbuyo

Linali Loweruka, nthawi itangopitirira 11 koloko m'mawa. Zuleka Amidu ankachokera ku Chipoka pa kalole kake koyera, atanyamula mabokosi anayi a chambo chothira ayezi. Ulendo unali wa kumsika ku Salima. Anali mayi wa zaka 41, ndipo msewu umenewu anali atauyenda zaka zisanu ndi zinayi ali pachiwongolero.

Atayandikira mlatho wa Nankhande anamva hutala kumbuyo. Anayang'ana pagalasi. Inali galimoto yakuda ya akwati, yomangidwa maliboni achikasu, magetsi onse akuphethira. Inkachita kuvina mumsewu, kumanja, kumanzere, kumanjanso. Woyendetsa anali atatulutsa mkono umodzi pawindo akuwomba chitseko motsatira nyimbo.

Pamalopo msewu ndi wopapatiza, mzere woyera wake ndi wosadukiza. Palibe amene amapitirira mnzake pamenepo. Zuleka anachepetsa liwiro.

Galimoto yakudayo sinadikire. Inatulukira kumanja, kudutsa kaloleko ngati mphepo. Kutsogolo kunatulukira lole ya simenti. Woyendetsa uja anakhotetsera kumanzere mwamphamvu, mpaka matayala anatsika phula. M'mbali mwa msewumo munali bambo wa panjinga, atamanga thumba la chinangwa pakaliyala.

Kunamveka kuti phwaa! Njinga uko, munthu uko, chinangwa mbwee mumsewu.

Magetsi a mabuleki anayaka kamodzi. Kenako anazima. Galimoto ija inawonjezera moto n'kuzimirira kuseri kwa mlatho.

"Subuhanallah!" anakuwa Zuleka, akuponda mabuleki.

Anatsika n'kuthamangira kumene kunagwera bamboyo. Anali munthu wa imvi, akupuma movutikira. Mwendo wake wamanja unali utapindika pomwe mwendo supindika, magazi akutuluka pansi pa bondo. Zuleka anavula chitenje chake, kuching'amba ndi mano, n'kumanga pamwamba pa balalo mwamphamvu.

"Bambo, mukundimva? Dzina lanu ndani?"

"Patson... Patson Kalilangwe. Kwa Maganga."

"Musagone, a Kalilangwe. Muzindiyang'ana ine."

Anthu anayamba kufika kuchokera pa kamsika ka pafupi ndi mlathowo. Sanaone ngoziyo. Anangoona kalole kataima, munthu ali pansi, mayi manja ali magazi okhaokha.

"Wagunda munthu mayiyu!"

"Azimayi oyendetsa galimotowa atitha!"

"Bweretsani petulo, tikawotche kameneka!"

Mwala woyamba unagwera pachitseko. Wachiwiri unaphwanya nyali. Zuleka anaimirira n'kukaima pakati pa anthuwo ndi kalole kake, manja m'mwamba.

"Mukafuna kuwotcha muwotche, koma munthuyu akafike kaye kuchipatala," anatero. "Amene ali ndi maso abwere kuno aone yekha."

A Mustapha, okonza njinga pa kamsikapo, anasendera. Zuleka anatsegula chitseko n'kuloza kamera yaing'ono yomata pagalasi lakutsogolo. Anaigula zaka ziwiri zapitazo minibasi itamukhula m'mbali, anthu onse n'kugamula kuti wolakwa ndi iye popeza ndi mkazi. Anadina batani. Pa kagalasi ka kamerayo panaoneka zonse: maliboni achikasu, lole ya simenti, njinga ikuuluka.

A Mustapha anatembenuka. "Tayani miyalayo! Si mayiyu. Ndi galimoto ya ukwati ija inadutsa ikuliza hutala. Mulibe manyazi?"

Miyala inagwa pansi umodziumodzi.

"Tsitsani mabokosi awiriwo, munthu agone bwino," analamula Zuleka. Amene ankafuna petulo aja ndi omwe anayamba kunyamula. A Mustapha anazula matabwa awiri pa benchi yawo n'kumangirira mwendo uja. Asanakwere, Zuleka anatola chinthu chakuda m'udzu. Linali galasi la m'mbali la galimoto, lothyokera patsinde.

Nthawi ya 12:05 anali atafika kuchipatala cha boma. Anamwino anamulandira Kalilangwe n'kuthamanga naye. Dokotala anangoti, "Amene anamanga mwendowu wachita bwino. Akanatha magazi panjira."

Sajeni Irene Nkhwazi wa polisi ya pamsewu anafika patapita mphindi makumi awiri, limodzi ndi Konstabo Dzoole. Anali mayi wamfupi, wosachulutsa mawu. Anakhala mu kaloleko n'kuonera kanemayo katatu.

"Nambala yake siikuoneka," anatero Dzoole.

"Aiphimba ndi pepala. Imitsani pamenepo, mayi."

Zuleka anaimitsa. Papepalapo panalembedwa ndi zilembo zazikulu: SHARON NDI MAYESO.

"Woyendetsa?"

"Mkono wokha, bwana. Malaya achikasu."

"Pititsani patsogolo pang'ono. Apo! Imitsaninso."

Pagalasi lakumbuyo la galimoto yakudayo panaoneka nkhope. Anali mkwatibwi, velo itapendekeka. Anali atagwada pampando n'kutembenukira kumbuyo, zikhato zonse ziwiri zili pagalasi, kukamwa kuli yasa.

Sajeni anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali. "Uyu waona zonse," anatero.

Anaimba mafoni atatu. Yachitatu inayankha zomveka: Sharon Chimbalanga ndi Mayeso Kapinga adalitsidwa m'mawa womwewo ku Chipoka, madyerero ali ku holo ya Mlambe m'tauni, kuyambira 1 koloko. Galimoto ya polisi inali ku ngozi ina ku Kaphatenga.

"Kwerani kangaka," anatero Zuleka.

"Nanga nsomba zanu, mayi?"

"Nsomba m'nyanja zilimo. Tiyeni."

Anafika ku holo ya Mlambe 2 koloko itangokwana. Panja panali galimoto khumi ndi imodzi. Yakuda ya maliboni panalibe. Mkati zoimbira zinkagunda mpaka malata kunjenjemera. Pakhomo anawalandira bambo wonenepa wa suti yotuwa, duwa lili pachifuwa.

"Ndine Chimbalanga, malume a mkwatibwi. Kwagwanji, bwana?"

"Galimoto imene inanyamula akwati ili kuti?"

"Aa, imene ija? Inali ya hayala. Yabwerera kale ku Lilongwe."

"Woyendetsa wake ndani?"

"Mnyamata wina wake wa komweko. Dzina sitinamufunse."

"Munapereka mwana wanu kwa munthu wosamudziwa dzina?"

A Chimbalanga anapukuta thukuta. "Bwana, lero ndi tsiku la ana. Alendo achokera kutali, ena ku Mzuzu. Tidzabwera tokha Lolemba, tidzakambirane ngati anthu."

"Kuchipatala kuli munthu amene sakudziwa ngati Lolembalo alifika," anatero Sajeni. "Dzoole, zungulira kuseri."

Dzoole sanachedwe kuwaitana onse. Kuseri kwa holoyo, pakati pa thanki ya madzi ndi mpanda, panali galimoto yofunditsidwa lona. Anakoka lonayo. Maliboni anali atachotsedwa, pepala lija atalimatula, koma tepi yake inali ikadalipo. Kumanzere kunalibe galasi. Zuleka anatulutsa lija anatola m'udzu n'kuliika pamalo pake. Linalowa ndendende.

"Ku Lilongwe kwake ndi kuno?" Sajeni anafunsa a Chimbalanga.



Analowa mu holo. Kutsogolo anyamata anayi operekeza akwati ankavina mondondozana, onse atavala malaya achikasu ofanana. Zuleka anawayang'ana mmodzimmodzi n'kupukusa mutu.

"Sindinganame, bwana. Nkhope sindinaione. Ndikaloza, ndiloza wosalakwa."

Sajeni anapita kwa woimbitsa nyimbo n'kumunong'oneza. Nyimbo inaduka pakati. Anthu mazana awiri anatembenuka nthawi imodzi.

"Pepani kuti tasokoneza chisangalalo," anatero Sajeni, osagwiritsa ntchito chimkuzamawu. "Galimoto ya akwati yagunda munthu pa mlatho wa Nankhande n'kuthawa. Galimotoyo taipeza. Ndikufuna amene amayendetsa."

Anyamata anayi aja anayang'ana pansi onse. Mkwati, Mayeso, ankatembenuza mphete pachala chake. Mayi wina wa duku lalikulu pa tebulo la makolo anayamba kupemphera chapansipansi.

"Ngati palibe wolankhula, anayi onsewa tipita nawo."

Sajeni anayenda pang'onopang'ono mpaka pa tebulo la akwati. Mkwatibwi anali mtsikana wochepa thupi, mphunzitsi wa sitandade 4. Mbale yake ya mpunga inali yosakhudza. Maso anali ofiira.

"Mayi Kapinga," Sajeni anamutchula ndi dzina lake latsopano, motsitsa mawu. "Kamera inakujambulani mukuyang'ana kumbuyo. Sindikukakamizani pamaso pa anthu. Tikhoza kukalankhulira panja."

"Sharon, khala chete!" anakuwa a Chimbalanga ali kumbuyo. "Nkhani za pabanja amakamba ndi akuluakulu."

Sharon sanawayang'ane. Anafunsa Sajeni funso limodzi. "Bambo aja ali moyo?"

"Ali moyo. Mayi awa ndi amene anawatola."

Sharon anayang'ana Zuleka, siketi yake ya magazi ouma, manja ake. Kenako anaimirira. Mayeso anamugwira dzanja, koma iye analichotsa mwaulemu. Anakweza velo n'kuiponya kumsana.

"Amayendetsa ndi Noah," anatero. "Mlongo wanga. Uyo wachiwiriyo."

Holo yonse inati wuu. Mayi wa duku uja anagwira kumutu. "Sharon, mwana wanga! M'bale wako wa bere limodzi!"

"Amayi, ndikudziwa. Ndinamubereka kumsana ndine." Misozi inkatsika koma mawu ankatuluka bwinobwino. "Tinatsalira tikujambulitsa, ndiye amathamangira kuti tipeze anzathu. Anali atamwa. Ndinamuuza kuti achepetse, iye kumaseka. Atagunda munthu ndinamuuza katatu kuti ima. Anati diresi langa lida. Malume anati tikhale chete mpaka alendo apite. Ndakhala pano ola lathunthu anthu akundivinira, ine ndikungoona bambo aja ali gone mumsewu. Sindingathe."

Noah anadumpha. Anakankha mayi wonyamula keke n'kulunjika khomo la kumbali. Analitsegula n'kugundana ndi chifuwa cha Konstabo Dzoole. Anagwa chagada. Makiyi a galimoto anatuluka m'thumba n'kuserereka pa simenti.

Unyolo unalira kuti khetye. Nthawi inali 2:25.

Pomutulutsa, Noah anaima patsogolo pa mlongo wake. Anali mnyamata wa zaka 24, fungo la mowa likumveka patali.

"Achemwali, mwandipereka? Pa tsiku lanu lomwe?"

"Ukanaima, Noah, bwenzi ndikukuikira kumbuyo panopa."

Mayeso anaimirira pamenepo. "Bwana, inenso ndinali momwemo. Zimene wanena mkazi wangazi ndi zoona. Ndinachita mantha. Ndipereka umboni."

"Nonse mubwere ku ofesi," anatero Sajeni. Anatembenukira kwa a Chimbalanga. "Inunso, bambo. Mukatifotokozere amene anafunditsa lona uja."

Panja galimoto ya polisi inali itafika. Atamukweza Noah, Zuleka anayamba kulowera ku kalole kake. Anamva mapazi kumbuyo. Anali Sharon, atakwinya diresi m'manja kuti lisakwekwereze.

"Mayi, mukudutsira kuchipatala?"

"Eya."

"Nditengeni. Ndikawaone kaye, kupolisi ndipita ndikachoka kumeneko."

Zuleka anayang'ana Sajeni, ndipo Sajeni anagwedeza mutu kuvomera. Kenako Zuleka anayang'ana diresi loyeralo. "Mwana wanga, mkatimu mukununkha nsomba. Pampando pali magazi."

"Tsegulani, mayi."

Anamupeza Kalilangwe atatuluka ku opaleshoni, mwendo uli m'zitsulo, mkazi wake ali pambali. Odwala onse mu wodimo anadzutsa mitu kuona mkwatibwi akulowa. Sharon anagwada pa simenti pafupi ndi bedi.

"Bambo, anakugundani ndi mlongo wanga. Ine ndinali m'galimotomo. Apolisi amugwira. Ndabwera kudzapepesa."

Kalilangwe anamuyang'ana, maso olemera ndi mankhwala. "Wakutumani ndani?"

"Palibe."

"Ndiye dzukani, mayi. Pansipo m'pozizira."

Mlandu unalowa m'khoti patapita milungu isanu. Kanema wa mu kamera ya Zuleka anaonetsedwa kamodzi kokha, ndipo Noah Chimbalanga anavomera milandu yonse: kuyendetsa mosasamala ataledzera, kuvulaza munthu, ndi kuthawa pamalo a ngozi. Woweruza anamulamula kukakhala kundende zaka ziwiri ndi miyezi isanu ndi umodzi akugwira ntchito yakalavulagaga, n'kumulanda chiphaso choyendetsera galimoto. Anayamikira Zuleka Amidu pomutchula dzina. A Kalilangwe anamva chigamulocho ali pa benchi yakutsogolo, ndodo zoyendera zili pamiyendo.

Achibale ambiri a kwa Chimbalanga anasiya kulankhula ndi Sharon. Mayi ake anatha miyezi itatu osayankha foni yake.

Lamulungu loyamba chigamulo chitaperekedwa, Sharon anafika pachipata cha ndende atanyamula mpunga ndi nyemba m'kontena, sopo ndi bulangete. Woyang'anira ndende analowa, n'kubwerera yekha.

"Akuti sakufuna kukuonani, mayi."

"Chabwino. Mumupatse zimenezi." Anasiya katunduyo patebulo n'kufunsa, "Lamulungu likubwerali mutsegula nthawi yanji?"

"8 koloko."

"Ndidzafika," anatero Sharon.