Chilango Chosiririka

Madamu atsopano, amene ankaphunzira ntchito ya uphunzitsi, anaima pakati pa bwalo la masewera thukuta lili kamukamu. Mawa lake kunkabwera woyesa wochokera ku koleji, yemwe anali atawachenjeza kale kuti akadzapezanso chisokonezo, adzawalepheretsa.

Ana onse anali pamzere umodzi wautali, kudikira mpira umodzi woti aliyense aponye m'golo. Kumapeto kwa mzere, mnyamata wa miyendo yaitali, amene anzake ankamutcha Kakowa, anayamba kulira ngati mbuzi.

"Iwe Kakowa! Zungulira bwalo!"

Kakowa analiyatsa liwiro. Posakhalitsa mtsikana wina analira ngati tambala, ndipo nayenso anatumizidwa kukathamanga. Koma chinthu china chinawadabwitsa Madamu. Olangidwawo ankathamanga akumwetulira, pamene otsala pamzere ankawayang'ana mosirira. Chilango chanji chimene anthu amachisirira? M'malo mokalipa, anamuitana Kakowa.

"Tandiuza zoona, sindikulanga. Mbuzi ija yalowa bwanji m'kamwa mwako?"

Ana anaseka. Kakowa anakanda m'mutu, akupuma wefuwefu.

"Madamu, ife ataliatali mumatiika kumbuyo. Belu limalira tisanaukhudze mpirawo. Ndiye ndinaona kuti ukalira ngati mbuzi, umathamangako."

"Tambala amazungulira kawiri, Madamu!" anatero mtsikana uja monyadira.

Madamu anayenda pang'onopang'ono kutsata mzerewo. Kumapeto anapeza mtsikana wofatsa, manja ali kumbuyo, nsapato zake zili mbee, zopanda ngakhale fumbi.

"Nanga iwe, unathamangapo m'phunziro langa?"

"Ayi, Madamu," anayankha motsitsa mawu. "Ine sinditha kulira ngati chilichonse."

Palibe anaseka. Madamu anatenga mpira n'kuuika m'manja mwa mtsikanayo.

"Mzere watha. Gawikanani m'magulu ang'onoang'ono. Ena mudumphe chingwe, ena mupikisane kuthamanga, ena muponye mpira. Ndikaimba wezulo, musinthane."

Woyesa atafika m'mawa mwake, anapeza fumbi lili koboo, koma wezulo ikalira magulu ankasinthana mwadongosolo. Anaponya maso uku ndi uku modabwa.

"Madamu, ana ovuta aja mwawabisa kuti?"

"Sindinawabise, bambo. Ndi amene akutsogolera maguluwo."

Woyesa anavula jekete n'kulipachika pamtengo.

"Mwakhoza," anatero. "Tsopano ine mundiika m'gulu liti?"