Mchenga m'Diramu

Annette ndiye adayamba kuona. Diramu imene adaidzaza madzulo, m'mawa inali itauma gwaa, ndipo pansi pake panali mchenga woyera, wosalala ngati ufa. Ku Chelstone, komwe ankakhala, dothi ndi lofiira. Mchenga wotere kulibe.

"Ba Gilson, manzi yayenda kuti?" Annette adafunsa mwamuna wake.

Gilson adati mwina diramu yabooka. Linali bodza la mkunkhuniza, poti mchengawo ankaudziwa. Mwezi wapitawo adakakumba mjigo kutali kumadzulo, kutsidya kwa Zambezi, dziko la mchenga wokhawokha kumene mitsinje imakhala youma pafupifupi chaka chonse. Anthu akumeneko amafukula dzenje pamtsinje wouma, kuikamo udzu ndi bango, kukwirira, n'kumayamwa madzi ndi bangolo. Lole ya Gilson idaponda pa chitsime chimodzi chotere, chitsimecho n'kutitimira. Bambo wina wowonda adamupempha kuti achifukule ndi manja ake, chifukwa kwawoko wowononga chitsime ndiye amachikonza. Gilson, bwana wa makina, adangoseka: afukulirenji ndi zala pamene mawa madzi atumphuka mpaka kumwamba? Makinawo adalira masiku atatu, n'kutulutsa fumbi lokha. Gilson adapakira zitsulo zake mbandakucha, osatsanzika.

Usiku wachiwiri chiumire diramu ija, Gilson adakhala tcheru. Agalu a m'mayadi atatonthola, adamva phokoso laling'ono kukhitchini, ngati munthu akuyamwa ndi bango pang'onopang'ono, n'kupumira, n'kuyambiranso. Atayatsa tochi, sadaone munthu. Ndowa, mabotolo, ngakhale ketulo, monse munali mchenga.

Aneba adayamba manong'onong'o. Ena ankati ndi achibale a nsanje, ena ankati aitane abusa. Koma mpopi wa pamsewu unkatuluka bwinobwino. Madzi ankatha akangolowa m'nyumba ya Gilson.

Usiku wachinayi Annette adamugwedeza.

"Mvelani," adanong'ona. "Chili muno mu bedirumu."

Kuyamwa kuja kunkamveka pansi pa bedi. Yande, khanda lawo la miyezi inayi, ankalira popanda misozi, liwombo litalowa m'kati. Annette adafinya bere lake, osatuluka kanthu.

"Mukaka wauma. Ku kiliniki bamuika dilipu kabili, tikafika chabe panyumba ayambanso. Munachita chani kwamene munayenda? Nikambileni, mwana afa!"

Mantha adamugwira Gilson mpaka m'mafupa. Adaulula zonse. Kusanache adadzaza madiramu asanu ndi limodzi pampopi wa pamsewu, nawakweza pa lole, kuti akawapatse anthu aja ndi kufukula chitsime chawo.

Sadafike patali. Atangotuluka m'tauni pa msewu wa ku Mumbwa, adamva madiramu akulira kumbuyo, phokoso la zitsulo zopanda kanthu. Adaima, nagogoda imodziimodzi. Onse anali atauma.

Pomwepo foni idalira.

"Ba Gilson!" Annette ankalira ndi kuseka pamodzi. "Mukaka wabwela! Yande ayamwa, na mu ndowa muli manzi. Bwelani chabe kunyumba, vasila, mavuto yatha."

Gilson adafuna kuyankha, koma lilime lidakakamira kunkhama. Pampando wa pambali pake, pomwe panalibe munthu, kuyamwa kuja kudayambiranso, modekha. Adazindikira kuti ludzu lija silinkafuna nyumba yake koma iye mwini, ndipo akabwerera, abwerera nalo kwa mwana.

Adazimitsa foni, naliza injini, nalunjika kumadzulo. Kutsogolo kunali ulendo wa masiku awiri, ndipo m'kamwa mwake munalibe ndi malovu omwe.