Utsi wa Alamu

Lamulo litamveka pa wailesi kuti othawa kwawo onse abwerere kukampu ku Dzaleka, anthu a kwa Chulu anayamba kuyang'ana nyumba ya Samsoni cham'mbali. Samsoniyo anali Mburundi, koma anali atatha zaka khumi pamudzipo. Anakwatira Fainala, ankalima fodya, maliro akagwa ankakumba nawo manda. Makuponi a feteleza okha ndiwo ankamulumpha chaka ndi chaka.

"Mumpanda ndinakhalamo kale, sindibwererako," anatero. "Ku Zambia kuli mbale wanga."

Mumsewu munali apolisi. Njira yotsala inali yodutsa m'nkhalango ya nyama, ndipo woidziwa anali Lameki, mchimwene wake wa Fainala, amene kale ankafula njuchi mobisa m'menemo.

"Achimwene," anatero Fainala atagwira mimba yake ya miyezi isanu, "musabwere musanaone kuti atulukira kutsidya."

"Usade nkhawa, ndikawafikitsa," anayankha Lameki.

Ananyamula zigubu ziwiri za madzi, chinangwa ndi nkhwangwa. Unali mwezi wa Seputembala, dzuwa lili phwee, mitengo yonse ili mbee. Masana a tsiku loyamba anatulukira njovu ili ndi mwana. Lameki anawaza phulusa kuti aone kolowera mphepo, koma anachedwa, chinyamacho chinali chitatambasula kale makutu. Liwiro lake la mtondo wadooka! Anapulumukira m'chigwembe, koma chigubu chimodzi chinaphulika pamwala.

Tsiku lachiwiri, mumtsinje wouma, anapeza nsapato. Zinali zambiri, zapulasitiki, zina za ana. Pambali pake panali mabotolo opanda kanthu, kabuku ka zilembo zachilendo, ndi mafupa a anthu amene afisi anamwaza. 

"Othawa kwawo anzanga awa," anatero Samsoni motsitsa mawu. "Wowatsogolera anawathawa."

Anafukula mchenga ndi manja n'kukwirira mafupawo, kenako anapemphera m'chinenero chakwawo. Samsoni ali chogwada choncho, Lameki anaona mapazi a mkango pamchenga, atsopano, olunjika kumadzulo kumene iwo ankapita. Anawafufuta ndi phazi kuti Samsoni asawaone.

Atafika patsinde pa phiri lamiyala, Samsoni anakhutchumula chigubu.

"Alamu, madziwa ndi ochepa. Mukandifikitsa uko, mubwerera ndi chiyani? Tisiyane pompano."

Tisabise, Lameki anavomera msangamsanga, ndipo chomuvomeretsa chinali mantha, osati madzi.

"Kwatsala theka la tsiku," anatero. "Dzuwa likhale kumaso kwanu. Mukangotuluka m'nkhalango, musonkhe moto, muthirepo masamba aawisi. Ine ndikhala pamwamba paphiripa mpaka ndione utsi."

Anagwirana chanza. Samsoni analowa m'tsekera, malaya ake ofiira n'kuzimiririka.

Lameki anadikira paphiripo milomo itauma gwa. Dzuwa litapendeka, utsi unatumphuka kumadzulo. Analumpha, misozi ili chuchuchu. Asanakhale n'komwe pansi, wina unakwera chakumpoto pang'ono. Kenako wina. Anawerenga mpaka kasanu ndi kawiri.

Kalanga ine! Mlimi wa fodya weniweni n'kuiwala mwezi? Seputembala ndi nyengo yotentha mapesi pa nazale asanafese mbewu, ndipo alimi a kutsidya nawonso amatero. Iye mwini anali atatentha ake sabata yathayo. Anayang'anitsitsa mpaka maso kuwawa, koma utsi sulembedwa dzina.

Anafika kumudzi tsiku lachinayi, mapazi atatupa. Fainala anali kudimba akuthirira nazale. Atamuona anaponya keni pansi.

"Atuluka?"

"Utsi ndauona," anatero Lameki.

Fainala analulutira mpaka anthu anatuluka m'minda. Lameki bodza sananene ayi, komanso zoona sanazimalize, ndipo zimenezi zinamudya mumtima.

Foni sinalire. Kalata sinabwere. Mwana anabadwa wamkazi, namutcha Nthanda, ndipo lero akuyenda. Chaka chilichonse nazale zikayamba kufuka, Fainala amamunyamula n'kumulozera kumadzulo.

"Bambo ako ali uko. Amalume ako anaona okha utsi wawo."

Tsiku lina kamwanako kanatembenukira kwa Lameki, kakuloza utsi umene unali mbwee m'chigwa monse.

"Amalume, wa adadi ndi uti?"

Lameki anakweza dzanja kuti aloze, koma linangoima m'malere.